Mtsempha wa mtima ukatsegulidwa ungathe kutsekekanso: zimene ma stent a cheza anatiphunzitsa

 

Sabata yatha mayi wina anandilembera uthenga wapadera, ndipo wandilola kuti ndiuyankhe pagulu popanda kutchula dzina. Amuna awo anapita ku India miyezi inayi yapitayo, kumene anakawaika stent mu mtsempha wa mtima. Banja linagulitsa ng'ombe, abale anasonkherana, ulendo unatheka. Bambo aja anabwera ali bwino, mpaka ayambanso kupita kudimba. Ndiye mlamu wawo wa kutauni wawerenga pa foni kuti tizitsulo timeneti timakhala ndi cheza choopsa, komanso kuti mtsempha umatsekekanso ngakhale auike kachitsuloko. Bambowo atamva zimenezi anagwa ulesi, nati ngati zili choncho mapiritsi odulawa ndikumweranji. Pamene mayiwa ankandilembera n'kuti patapita masiku anayi asakumwa. Funso lawo linali lalifupi: "Anesi, kodi n'zoona?"

Ndinawayankha usiku womwewo kuti kukangocha apite nawo kuchipatala, atenge mapiritsi onse ndi makalata onse a ku India. Anapita, ndipo ayambiranso mankhwala. Lero ndikufuna tikambirane nkhani yonse modekha, chifukwa zimene mlamuyo anawerenga si bodza lenileni. Ndi nkhani yoona, koma yakale, ya zaka zoposa 20 zapitazo. Ndipo maganizo anga ndi akuti nkhani imeneyi, mukaimvetsa bwino, ikukuuzani kuti mugwiritsitse mankhwala anu ndi masiku anu a kuchipatala, osati kuwataya.

KODI STENT N'CHIYANI?

Mtima umapopa magazi kupita m'thupi lonse, koma nawonso umafuna chakudya. Uli ndi mitsempha yakeyake imene imaudyetsa. Mitsemphayi ndi yopyapyala, mamilimita 3 kapena 4 basi, ngati kachubu ka inki ka m'kati mwa bolopeni. Pakapita zaka, mafuta amamatirira m'makoma mwake monga momwe dothi limadzazira ngalande ya kudimba. Njira ikachepa, magazi amafika ochepa. Munthu akamakwera chitunda kapena kupalasa njinga amamva kulemera pachifuwa, akapuma ululu umaleka. Njira ikatsekeka yonse mwadzidzidzi, mbali ina ya mtima imayamba kufa.

Mu 1977 dokotala wina dzina lake Andreas Grüntzig, ku Zurich m'dziko la Switzerland, anayamba kutsegula mitsemphayi osang'amba chifuwa. Ankalowetsa kachubu kotalika m'mtsempha mpaka kukafika kumtima, n'kufufumitsa kachibaluni pamalo pothinapo. Zinali zodabwitsa. Vuto linali lakuti mwa anthu 10 alionse, 3 kapena 4 mtsempha unkathinanso pasanathe miyezi 6.

Mu 1986, ku Toulouse m'dziko la France ndi ku Lausanne m'dziko la Switzerland, madokotala anayamba kusiya kachubu ka waya wolukanalukana m'kati mwa mtsempha kuti kachirikize makoma. Imeneyo ndiyo stent. Maonekedwe ake ali ngati kasipuling'i ka m'bolopeni. Inathandiza ndithu, koma sinathetse vuto. Mwa anthu 10, 2 kapena 3 mtsempha unkathinabe.

CHIFUKWA CHIYANI UMATHINANSO?

Apa mvetserani bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chimene chimathinitsa mtsempha m'miyezi yoyambirira si mafuta atsopano ayi. Ndi chipsera.

Amayi mukudziwa zimene zimachitika mwana wina akabooledwa khutu. Ambiri bala limapola bwinobwino. Koma ena thupi limapitiriza kupanga mnofu, mpaka pakhutu pamatuluka chotupa cholimba. Thupi limakhala likufuna kuchiza bala, koma lapyola muyeso. Mu mtsempha zimachitika zofanana ndi zimenezi. Chibaluni chikafufuma ndipo waya akakanikiza khoma, khomalo limavulala pang'ono. Thupi limatumiza maselo kuti akakonze. Maselowo akachulukitsa, mnofu umamera kudutsa m'mipata ya waya n'kuyamba kudzaza njira ya magazi. Nthawi zambiri izi zimaonekera pakati pa miyezi 3 ndi miyezi 12.

MAGANIZO OOMEKA ANZERU... NDI PEPALA LA SWITI

Madokotala ankadziwa kale kuti cheza, chimene iwo amachitcha radiation, chimaletsa maselo kuchulukana. N'chimene amagwiritsa ntchito powotcha khansa, ndipo chimathandizanso kuti zotupa za zipsera zija zisamerenso akazidula. Ndiye ena anaganiza kuti: bwanji stent yomweyo izitulutsa cheza pang'ono, kuti mnofu usamere?

Anayesa pa akalulu ndi nkhumba, zotsatira zinapatsa chiyembekezo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anayamba kuyesa pa anthu ku America ndi ku Ulaya, makamaka ku Milan m'dziko la Italy ndi ku Rotterdam m'dziko la Netherlands. Ankagwiritsa ntchito phosphorus-32. Cheza chake sichipita patali, chimathera pa mamilimita ochepa, ndipo mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku 14 alionse. Pakatha miyezi 5 chimakhala chatha pafupifupi chonse. Pa pepala zonse zinkaoneka bwino: cheza chigwire ntchito nthawi imene bala likupola, kenako chizime chokha.

Patapita miyezi 6 anawaitananso odwala aja n'kujambula mitsempha yawo. M'kati mwa stent munali moyera. Ku Milan, mwa amene analandira cheza champhamvu, mnofu wotseka m'katimo unali wosowa kwenikweni. Koma atayang'ana kumapeto kwa stent, mbali zonse ziwiri, anapeza mtsempha wathina. Pakati potakasuka, uku kothina, uku kothina. Gulu la ku Milan, limene munali Remo Albiero ndi Antonio Colombo, linafalitsa zotsatirazi mu 2000, ndipo linafanizira chithunzicho ndi switi yokutidwa m'pepala lopotokola mbali zonse ziwiri. Atawerengera malo onse odwalawo pamodzi ndi m'mphepete mwake, anapeza kuti pa malo 10 alionse, 4 kapena 5 anali atathinanso. Uku kunali kuipa kuposa stent wamba yopanda cheza.

Chinachitika n'chiyani? Taganizani za munthu amene wapopera mankhwala opha udzu pakati pa munda, koma m'malire mwangofika kafungo chabe. Kumapeto kwa stent mphamvu ya cheza inkatsika msanga, moti sinali yokwanira kuletsa mnofu. Komanso malo omwewo ndi amene chibaluni chinkavulaza, popeza chinkatalika kupyola stent. Bala lilipo, choletsa chipsera n'chochepa. Mnofu unamera pamenepo.

Sanagonje msanga. Anayesa kuchepetsa mphamvu yofufumitsira chibaluni. Anayesa stent yopanda cheza kumapeto kwake. Anayesanso ina yokhala ndi cheza chochuluka kumapeto. Vuto silinachoke. Kenako gulu la ku Rotterdam linatsatira odwala awo mpaka chaka, ndipo mu 2001 linalengeza kuti ngakhale m'kati muja, mmene munali moyera pa miyezi 6, mnofu unali utayamba kumera. Cheza chinangochedwetsa chipsera, sichinachiletse. Zitatero, ma stent a cheza anasiyidwa. Sanafike pokhala chithandizo cha tsiku ndi tsiku m'zipatala.

NANGA ZIMENE AKUIKA LERO?

Ndiyankhe funso la mayi uja mosapita m'mbali. Stent imene amuna anu anaikidwa chaka chino ilibe cheza. Sangapatsire ana kanthu, sangaononge mwana wa m'mimba, mungagone nawo chipinda chimodzi, angayangate zidzukulu mopanda mantha.

Ma stent ambiri a masiku ano anapakidwa mankhwala amene amasungunuka pang'onopang'ono n'kuletsa mnofu kuchulukitsa. Yoyamba ya mtundu umenewu inaloledwa ku Ulaya mu 2002 ndi ku America mu 2003. Mankhwala ake oyamba, sirolimus, anachokera ku tizilombo ta m'dothi la pa chilumba cha Rapa Nui m'nyanja ya Pacific. Ndi ma stent amenewa, kuthinanso kunatsika kufika pa munthu wosakwana mmodzi mwa 10. Kusintha kwake n'kwakukulu.

Koma taonani: kunatsika, sikunathe. Ndipo mankhwala opakidwawo amachedwetsa kupola, choncho waya amakhala nthawi yaitali asanakutidwe ndi khungu la m'kati mwa mtsempha. Magazi akakhudza waya wosakutidwa amatha kuundana n'kutseka njira yonse pa kanthawi kochepa. Chimenechi n'choopsa kuposa chipsera, chifukwa chipsera chimabwera pang'onopang'ono n'kumachenjeza, pamene kuundana kwa magazi kumabwera ngati mphezi ndipo kumapha. N'chifukwa chake munthu wa stent amapatsidwa mitundu iwiri ya mankhwala oletsa magazi kuundana: aspirin, ndi ina monga clopidogrel. Iwiriyi imamwedwa limodzi kawirikawiri kwa miyezi 6 mpaka 12, malinga ndi mmene adokotala aonera, ndipo pambuyo pake mtundu umodzi umapitirira. Masiku anayi amene bambo aja anasiya mankhwala pa mwezi wachinayi anali masiku oopsa kwambiri chibwerereni ku India.

MAGANIZO ANGA

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuganiza: "Mwaona? Madokotala amangoyesera pa anthu. Lero akuti ichi n'chabwino, mawa akuti n'choipa. Tiwakhulupirire bwanji?" Funso limeneli silopusa, ndipo sindikulinyoza. N'zoona kuti anthu ena anavutika, anabwereranso kukatsegulidwa mitsempha chifukwa cha stent imene inkayembekezeka kuwathandiza. Imeneyo ndi mitima ya anthu, makolo a ena.

Koma funsani kuti cholakwikacho chinadziwika bwanji. Chinadziwika chifukwa omwe anayambitsa njirayo anaitananso odwala, anajambulanso, anawerenga, n'kulemba poyera kuti zakanika. Anadikiranso mpaka chaka, n'kulembanso kuti ngakhale chimene ankanyadira chija sichinakhalitse. Ntchito ya zaka zambiri anaisiya. Kwa ine, ichi ndi chifukwa chokhulupirira chithandizo cha kuchipatala. Sikuti sichilakwitsa, koma chili ndi njira yogwirira zolakwa zake.

Tsopano yerekezani ndi anthu amene amayenda m'misika ndi m'matchalitchi ndi kamakina kogwiritsa m'manja, n'kukuuzani pa mphindi ziwiri kuti mitsempha yanu yatsekeka, kenako n'kukugulitsani botolo la "kutsuka mitsempha". Kodi anabwerapo patapita miyezi 6 kudzaona amene anagula? Kodi munawamvapo akulengeza kuti mankhwala awo alephera? Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati akatswiri a ku Milan ndi ku Rotterdam, ndi zipangizo zawo zonse, ananamizidwa ndi chinthu chooneka chanzeru, nanga ife tingakhulupirire bwanji botolo limene palibe analiyezapo? Palibe tiyi, ufa kapena madzi a zitsamba amene anatsimikizidwa kuti amatsegula mtsempha wa mtima wotsekeka. Zina mwa zinthu zimenezi zimasokoneza mankhwala a magazi n'kuyambitsa kukha magazi.

Phunziro lachiwiri ndi lakuti kuchira kwa lero sikutanthauza kuchira kwa chaka chamawa. Odwala a ma stent a cheza ankatuluka m'chipatala ali bwino. Vuto linkabwera mwakachetechete, patapita miyezi, pamalo pamene palibe ankayang'ana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife kuno timakonda kunena kuti "opaleshoni inayenda bwino, anachira," basi nkhani yatha. Koma stent imakonza malo amodzi, otalika ngati chala kapena kucheperapo. Matenda amene anatseka malowo akadali m'mitsempha yonse. Stent yakonza pamene mlatho unagumuka, koma mtsinje ukadasefukira.

Ndinenenso ichi kuti wina asandimve molakwa. Sindikunena kuti cheza n'choipa. Mayi amene wauzidwa kuti akalandire chithandizo cha cheza pa khansa ya khomo la chiberekero kapena ya m'mawere, apite, chimapulumutsa miyoyo. Ngakhale pa mtima pomwepo, zipatala zina zakunja zimagwiritsabe ntchito cheza cha mphindi zochepa kudzera m'kachubu kwa anthu amene stent yawo ikuthinathina. Chimene chinalephera ndi njira imodzi yokha, yoika cheza pa stent.

ZIZINDIKIRO ZOTI MUZIYANG'ANIRA

Amayi, nthawi zambiri ndinu amene mumayamba kuona kusintha, chifukwa abambo ambiri amabisa. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu wa stent, khalani tcheru ndi izi:

Ululu kapena kulemera pachifuwa kumene kunalipo kale kwayambiranso, makamaka akamalima, akamakwera chitunda, akamapalasa njinga kapena akakwiya, ndipo kumaleka akapuma.

Ululu wopita kudzanja, kuphewa, kunsagwada kapena kumsana.

Kubanika pa ntchito imene mwezi watha ankaigwira mosavuta. Mukaona munthu wayamba kuimaima panjira yopita kutchalitchi, kapena wasiya kupita kudimba popanda chifukwa chomveka, mufunseni.

Amayi ndi odwala shuga nthawi zina samva ululu weniweni. Amangomva kufooka, nseru, kapena ngati chilungulira chosamva mankhwala.

Zizindikiro zimenezi zikufuna kuti muonane ndi adokotala m'masiku omwewo, osadikira tsiku lolembedwa m'buku. Koma ululu ukabwera munthu atangokhala, n'kupitirira mphindi zingapo osaleka, pamodzi ndi thukuta lozizira, kusanza kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Asayende wapansi, asapalase yekha. Mukafika nenani pakhomo pomwepo kuti ali ndi stent.

Nkhani yabwino ndi yakuti kuthinanso kukadziwika msanga kumakonzeka. Amatha kutsegulanso ndi chibaluni chopakidwa mankhwala, kuika stent ina, kapena kuchita opaleshoni yolambalalitsa magazi.

ZIMENE BANJA LINGACHITE

Musasiye mankhwala a magazi popanda mawu a adokotala, ngakhale tsiku limodzi. Musadikire kuti botolo lithe. Kukatsala mapiritsi a sabata ziwiri, yambani kufunafuna ena. Ndikudziwa kuti mankhwala ngati clopidogrel sapezeka m'chipatala chilichonse chaching'ono, ndipo kugula n'kodula. Ndiye pamene abale mukusonkherana za ulendo wakunja, werengerani pomwepo ndalama za mankhwala a chaka chathunthu ndi thiransipoti yopitira kukaonedwa. Kugulitsa ng'ombe kuti munthu aikidwe stent, kenako n'kulephera kugula mapiritsi ake, kuli ngati kumanga nyumba ya njerwa zowotcha n'kuisiya yosafolera dzinja likubwera.

Mankhwalawa amatha kuchititsa kukha magazi. Mukaona chimbudzi chakuda ngati phula, magazi m'mkodzo, kapena kamfuno kosaleka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Adokotala ndi amene asankhe chochita. Musamwe ibuprofen kapena diclofenac wogula pa golosale musanafunse, chifukwa akaphatikizana ndi mankhwala a magazi amatha kuyambitsa kukha magazi m'mimba. Pokazulitsa dzino kapena pa opaleshoni ina iliyonse, nenani kuti muli ndi stent komanso tsiku limene anaiika.

Musanachoke kumene anakuikani stent, funsani mafunso ndipo mayankho alembedwe: ndi ya mtundu wanji, zilipo zingati, zili mu mtsempha uti, mankhwala awiriwa ndimwa mpaka liti, ndikaonedwe liti. Safunsa anadya phula. Makalatawo muwasunge m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi buku la kuchipatala, ndipo mwana mmodzi awajambule pa foni.

Shuga ndi amene amakulitsa kwambiri mpata woti stent ithinenso, choncho wodwala shuga asaphonye kiliniki. BP iyezedwe pafupipafupi, ndipo mankhwala ake amwedwe ngakhale mutu usakupweteka. Mapiritsi otsitsa mafuta m'magazi, monga atorvastatin, ndi amene amateteza mitsempha ina yonse imene mulibe stent. Fodya asiyiretu, wa m'sitolo ndi wopichira yemwe. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kumene kuli ngati kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikizapo umene uli kale mu ndiwo. Nyemba, nandolo, masamba, usipa wosathira mchere wambiri ndi nsima ya mgaiwa ndi zakudya zabwino ku mtima, ndipo tili nazo kale pakhomo. Kuyenda tsiku lililonse n'kothandiza, kuyambira pang'ono monga adokotala alangizira.

Kwa inu amene m'banja mwanu mulibe wa stent, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa. Kuyezetsa BP pa chipatala cha boma n'kwaulere ndipo kumatenga mphindi zochepa. Ulendo wa ku India umadya chuma cha banja lonse. Sankhani nokha chopepuka.

Kwa mayi amene munandilembera: munachita bwino kufunsa, ndipo mwina mwapulumutsa moyo wa amuna anu. Mlamu wanu musamukwiyire, ankafuna kuthandiza. Mungomuuza kuti ulendo wina akawerenga nkhani ya zaumoyo pa foni, aziyamba waona chaka chimene inalembedwa, ndipo asanauze wodwala, afunse kaye wa zachipatala.

Ngati mukudziwa banja limene lili ndi munthu woikidwa stent, awerengereni uthengawu, makamaka agogo amene alibe foni. Kumbukirani kuti tsamba lino ndi lophunzitsana, silingalowe m'malo mwa adokotala amene akuonani ndi maso. Sabata yamawa tidzakambirana za kaphikidwe ka ndiwo zokoma ndi mchere wochepa, chifukwa ambiri mwakhala mukundifunsa.

Musamalire mitima ya m'nyumba mwanu.